Momwe mungakonzekerere HRV nyumba ikadali papepala

Anthu ambiri nkhani ya HRV, makina osinthira mpweya wa m'nyumba osataya kutentha kwake, amaikumbukira nyumba itafika kale pa denga, mabodi a siling'i atakhomedwa, kenako wina n'kufunsa kuti kodi mapaipi a mpweya adutsa pati. Pamenepo mpata watha kale, chotsala n'kubowola mabimu, kutsitsa siling'i, kapena kupinda mapaipi mokakamiza mpaka makina aziliza phokoso usiku wonse. Malangizo awa ndi a inu amene nyumba yanu ikadali pa pulani, kapena maziko angokumbidwa kumene, chifukwa ntchito yaikulu ya HRV imachitika ndi pensulo.

Kwa amene simunawaonepo, ndi makina okhala ndi mafani awiri, imodzi imakoka mpweya wogwiritsidwa kale ntchito m'nyumba n'kuutaya panja, inayo imakoka wa panja n'kuulowetsa. Mipweya iwiriyi imadutsana mkati mwa kabokosi ka timapepala topyapyala ta pulasitiki kapena aluminiyamu, sisakanikirana ayi, koma kutentha kumadutsa pa timapepalato kuchoka ku mpweya wofunda kupita ku wozizira. Ku UK amati MVHR, ku America ndi ku Canada amati HRV, koma chinthu chake n'chimodzi. Tiyerekeze panja pali 0°C, m'nyumba 20°C, makina anu ndi a 85%, kutanthauza kuti amabweza 85% ya kutentha komwe kukanatayika, mpweya wolowa udzafika m'chipinda uli pa 17°C popanda hita iliyonse.

Gawo loyamba: kodi nyumbayi ikufunadi HRV?

Funso ili ogulitsa sakufunsani, ndiye dzifunseni nokha. Makinawa amapindula pamene mukulipira ndalama kuti mutenthetse nyumba kapena kuiziziritsa ndi AC, ndiponso pamene kutentha kwa panja ndi kwa mkati kwasiyana kwambiri kwa miyezi yambiri pachaka. Masamu ake ndi osavuta. Kyubiki mita imodzi ya mpweya imafuna pafupifupi 0.34 Wh kuti ikwere ndi digiri imodzi. Ngati nyumba ikusintha mpweya wokwana 120 m³ pa ola ndipo kusiyana kwa panja ndi mkati ndi madigiri 20, ndiye kuti 120 × 0.34 × 20, mukutaya mawati 816 nthawi zonse. Makina a 85% akubwezerani pafupifupi mawati 690, pomwe mafani abwino akudya mawati osakwana 40. Apa phindu lilipo, palibe kutsutsana. Koma sinthani 20 uja muikepo 4, zobwezedwa zatsika kufika cha m'ma 140 pomwe mafani akudyabe chimodzimodzi, ndipo ngati ndi nyumba yoti mawindo amakhala otsegula chaka chonse, mulibe hita mulibe AC, palibe chomwe makinawo akupulumutsa. Nyumba yotere ikani fani wamba ku bafa ndi kukhitchini, basi.

Pali chifukwa china chomwe anthu amaikira olo masamu asakomere kwenikweni: nyumba ili pafupi ndi msewu waphokoso kapena wafumbi, kapena muli munthu wodwala mphumu, ndiye akufuna mpweya wosefedwa mawindo ali otseka. Chifukwa chimenecho n'chomveka ndithu, bola mudziwe kuti mukugula mpweya woyera osati kuchepetsa bilu.

Gawo lachiwiri: gwirizanani za kutseka mipata ya nyumba

Ichi chimakhudza mmisiri aliyense pa saiti, n'chifukwa chake chiyenera kulembedwa mu kontrakiti osati kungonena pakamwa. HRV imagwira kutentha kwa mpweya wokhawo umene wadutsa mkati mwake. Mpweya wolowera m'mphepete mwa mawindo, pansi pa chitseko chakunja, m'mabowo a mawaya ndi a mapaipi a madzi, umenewo makina sauona n'komwe. Nyumba yodontha mpweya mutha kugula makina a 90% koma zenizeni mukupeza mwina theka lake.

Amayeza ndi fani yaikulu yomwe amaimangirira pa khomo, dzina lake blower door, imapopa kapena kukoka mpweya mpaka kusiyana kwa kukanikiza kwa mpweya mkati ndi kunja kufike pa 50 Pa, kenako amaona kuti mpweya wa m'nyumba ukusinthika kangati pa ola. Muyezo wa nyumba zosataya kutentha wotchedwa Passivhaus, womwe nyumba yake yoyamba inamangidwa ku Darmstadt ku Germany mu 1991, umafuna osapitirira 0.6. Sikuti aliyense afike pamenepo, koma sankhani nambala yanu pano, ilembedwe, ndipo pa pulani wojambula atenge cholembera chofiira alembe mzere umodzi wosonyeza pomwe mpweya ukutchingidwa, wozungulira nyumba yonse osadukiza, pansi, makoma, denga. Paliponse pamene mzerewo wavuta kuulumikiza papepala, pamenepo ndi pomwe padzadonthe. Muyeze kawiri ngati n'kotheka, koyamba mabodi asanakhomedwe kuti mipata muione ndi kuitseka ndi tepi, kachiwiri nyumba itatha.

Gawo lachitatu: werengani mpweya womwe ukufunika

Osayamba ndi kusankha makina, yambani ndi nambala. Malamulo omangira a dziko lomwe mukumangako ndi amene ali ndi mawu omaliza, koma njira zodziwika zimatulutsa mayankho oyandikana, tiyeni tiyese ndi nyumba ya 120 m², zipinda zogona zitatu, anthu anayi, khitchini, bafa limodzi ndi toileti yapadera.

A Passivhaus amawerenga 30 m³ pa ola pa munthu aliyense, ndiye anthu anayi ndi 120. Mbali yotulutsa amapereka 60 kukhitchini, 40 ku bafa, 20 ku toileti, pamodzi 120, zangokumana bwino mu chitsanzo chathuchi koma sizikhala choncho nthawi zonse, mukakhala ndi mabafa awiri mbali yotulutsa imakula ndipo mumatenga nambala yaikuluyo. ASHRAE 62.2, ndondomeko ya mpweya wa m'nyumba ya ku America, imati malita 0.15 pa sekondi pa sikweya mita iliyonse, kuphatikiza malita 3.5 kuchulukitsa ndi chiwerengero cha zipinda zogona mutaonjezerapo chimodzi, ndiye 18 kuphatikiza 14, malita 32 pa sekondi, omwe ndi pafupifupi 115 m³ pa ola. Part F ya malamulo omangira a ku England imafuna osachepera malita 0.3 pa sekondi pa sikweya mita, apa ndi 36, kapena kuti 130 m³ pa ola. Mwaona eti, zonse zikuzungulira pakati pa 115 ndi 130. Kusintha malita pa sekondi kupita ku m³ pa ola mumangochulukitsa ndi 3.6, ndipo chonde yang'anitsitsani kuti katalogi yomwe mukuwerenga ikugwiritsa ntchito muyezo uti, anthu amasokonezeka pomwepa.

Musaganize kuti kuchulutsa ndiye kuchita bwino. Kumadera ozizira kwambiri mpweya wa panja umakhala wouma, ukaulowetsa wochuluka n'kuufunditsa chinyezi cha m'nyumba chimatsika kwambiri, milomo kung'ambika, pakhosi kuuma, matabwa a pansi kutseguka mipata. Kuchepetsa nakonso n'koipa, mawindo kuchita thukuta m'mawa ndi chuku m'makona a bafa. Chizindikiro chosavuta ndi CO2, mpweya womwe timatulutsa popuma, panja imakhala cha m'ma 420 ppm masiku ano, ndipo m'chipinda chogona chotseka mukufuna isamapitirire kwenikweni 1000.

Gawo lachinayi: gawani zipinda

Apa n'pachidule. Mpweya watsopano umalowa m'zipinda zouma, zogona, pabalaza, powerengera. Wakale umachoka m'zipinda zonyowa ndi zafungo, khitchini, bafa, toileti, kochapira. Makolido sapatsidwa valavu, kukamwa kwa paipi kolowera kapena kotulukira mpweya, ndi njira chabe yodutsira. Mu nyumba yathu ija mutha kupereka 40 ku chipinda cha anthu awiri, 20 ndi 20 ku zina ziwirizo, 40 pabalaza.

Chomwe chimaiwalika ndi zitseko. Mpweya wolowa m'chipinda chogona uyenera kupeza potulukira chitseko chili chotseka, ndiye pansi pa chitseko chilichonse chamkati pasiyidwe mpata wa 10 mm, ndipo muwerengere kuchokera pamwamba pa matailosi kapena kapeti, osati pa simenti. Kalipentala akadula chitseko kapeti isanayalidwe, mpata uja umatha wonse. Valavu yolowetsa ikhale kutali ndi chitseko kuti mpweya uyende chipinda chonse usanatuluke, komanso isakhale pamwamba penipeni pa pilo, palibe amene amakonda kamphepo pankhope usiku. Yotulutsa ku bafa ikhale m'mwamba, mbali ya shawa, kutali ndi khomo.

Gawo lachisanu: HRV kapena ERV, ndipo yaikulu bwanji

ERV ndi m'bale wake wa HRV, kusiyana kwake n'kwakuti timapepala take timadutsitsanso chinyezi. Kumadera otentha a chinyezi chambiri komwe nyumba imadalira AC, ERV ndiyo yoyenera chifukwa ntchito yaikulu ya AC kumeneko n'kuumitsa mpweya, ndipo ERV imabweza gawo la chinyezicho panja chisanalowe. Kumadera ozizira ouma imathandizanso, kusunga chinyezi mkati. Komwe nyengo yozizira ndi yamvula ndipo vuto la nyumba ndi chinyontho, HRV wamba ndiyo imachita bwino chifukwa imataya chinyezi chonse panja.

Mitundu ya kabokosi kaja ilipo ingapo. Kamene mipweya imayenda moyang'anizana, counterflow, ndi kamene kali m'makina ambiri a m'nyumba masiku ano ndipo kamafika 80 mpaka 90%. Kamene imadutsana mopingasa kamatsalira kumbuyo. Palinso gudumu lozungulira lomwe limakonda kupezeka m'maofesi ndi m'masukulu, ndi labwino pa mpweya wochuluka koma limatengako pang'ono mpweya wakale n'kuubwezera mkati, ndiye m'malo monga chipatala kapena labu pamafunika kusamala nalo. Nambala ya pa katalogi musaikhulupirire msanga, funsani kuti inayezedwa ndi ndani komanso pa liwiro lanji. Satifiketi ya Passivhaus Institut imafuna osachepera 75% ndi magetsi osapitirira 0.45 Wh pa kyubiki mita, ndipo kayezedwe kawo n'kokhwima, n'chifukwa chake makina omwewo amatha kukhala ndi nambala yotsikirako kumeneko.

Za kukula, ngati mukufuna 120, musagule makina omwe mapeto ake ndi 130. Tengani ofika cha m'ma 200 kapena kuposerapo pang'ono, kuti tsiku ndi tsiku aziyenda momasuka pa 60 kapena 70% ya mphamvu zake n'kutsala ndi mpata wa boost, kuwathamangitsa kwa kanthawi, wina akamasamba kapena kuphika. Fani yoyenda pang'onopang'ono imakhala chete ndipo magetsi ake amatsika kwambiri kuposa momwe liwiro latsikira. Onaninso kuti muli bypass ya nyengo yotentha, kachitseko komwe kamalambalalitsa mpweya kuti usiku wozizira ulowe momwe uliri osafunditsidwa. Ndipo ngati kumeneko kumazizira mpaka madzi kuundana, pakhale kahita kakang'ono pa paipi yolowera, apo ayi madzi a m'kabokosi amasanduka ayizi, makina ena amangochepetsa kapena kuzimitsa fani yolowetsa kuti adziteteze ndipo nyumba imayamba kukoka mpweya wozizira m'mipata.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: malo a makina

Akhale mkati mwa gawo lofunda la nyumba, pafupi ndi khoma lakunja. Kachipinda kochapira, stoo, kabati yapadera m'kolido, zonsezi n'zabwino. M'mwamba mwa siling'i pansi pa denga anthu amakukonda chifukwa sikuoneka, koma ine sindikulimbikitsa, kumazizira kapena kutentha kwambiri kotero zomwe mwapulumutsa zimathera m'njira, ndiponso fyuluta yoti munthu akwere makwerero ndi tochi kuti akaisinthe siisinthidwa, tisanamizane. Kutsogolo kwa makina kusiyidwe malo oti chitseko chake chitseguke chonse ndi kabokosi kaja kasololoke. Musawapachike pa khoma lopepuka lomwe kuseri kwake kuli bedi, kunjenjemera kumadutsa.

Pa pulani ya pulambala muonjezere paipi ya madzi otuluka m'makina. Mpweya wa ku bafa ukazizira m'kabokosi umasiya madzi, ndipo madziwo amafuna njira yotsetsereka kupita ku dreni, yokhala ndi trap, kachipangizo kotchinga fungo ndi mpweya kuti zisabwerere, kupanda apo makina amayamwa fungo la suweji kapena madzi amakana kutsika n'kudzaza pansi pa makina. Trap ya madzi wamba imauma nyengo yotentha, yamtundu wouma ija yokhala ndi kavalavu ndiyo yosavuta. Wa magetsi naye aikiretu soketi yake, waya wa kontrola, ndi masuwichi a boost pafupi ndi bafa ndi khitchini.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: mapaipi, pomwe ntchito imakomera kapena kuonongekera

Makina abwino pa mapaipi oipa ndi ndalama zotayika, pomwe makina apakatikati pa mapaipi okonzedwa bwino amagwira ntchito zaka zambiri mwakachetechete. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi paipi imodzi yaikulu yolimba, yachitsulo kapena pulasitiki, yokhala ndi nthambi zopita m'zipinda. Yachiwiri ndi bokosi logawira pafupi ndi makina, kuchokera pamenepo chipinda chilichonse chimalandira paipi yakeyake yopindika pang'ono, kawirikawiri ya 75 mm kunja, yosalala mkati, yopanda joini mpaka kukafika pa valavu. Yachiwiriyi ndi yosavuta kudutsitsa m'malo opanikizika, sidontha, komanso mawu a m'chipinda china samveka m'chipinda chinzake kudzera m'paipi. Paipi imodzi ya 75 mm imanyamula pafupifupi 30 m³ pa ola, ndiye khitchini ya 60 ikufuna ziwiri, chipinda cha 40 nachonso ziwiri. Yoyamba ija imakomera nyumba zazikulu ndi maofesi, koma imafuna masayilensa pakati pa zipinda zoyandikana. Paipi yofewa ya makwinya ija ya foyilo, ithaweni, ngati ikufunika ikhale kachidutswa kakafupi kolumikizira ndipo kakokedwe kawongoke.

Lamulo losavuta la kukula kwa paipi ndi liwiro la mpweya: m'mapaipi aakulu usapitirire mamita 3 pa sekondi, cha kufupi ndi zipinda 2 ndi bwino. Pa liwiro la 3, paipi ya 125 mm imanyamula pafupifupi 130 m³ pa ola, ya 160 mm pafupifupi 215, ya 200 mm pafupifupi 340. Ndiye nyumba yathu ya 120 ija pa 125 mm ili pa malire penipeni ndipo boost ikangoyaka phokoso layamba, tengani 160. Mmisiri akakuuzani kuti tingochepetsa paipi pang'ono pano kuti idutse pansi pa bimu, dziwani kuti kuchepetsa m'mimba mwa paipi ndi theka, mpweya uli womwewo, kumachulukitsa kulimba kwa njira pafupifupi ka 30. Si pang'ono ayi.

Tsopano khalani pansi ndi wojambula pulani ndi injiniya, mapulani onse ali patebulo, mulondole paipi iliyonse ndi chala kuchokera pa makina mpaka pa valavu. Ikudutsa pati pa khoma lonyamula katundu? Ikukumana ndi bimu? Paipi ya suweji ya bafa lam'mwamba ikudutsa pomwepo? Ya suweji siisuntha chifukwa imafuna kutsetsereka, ndiye ya mpweya ndiyo ilambalale, ndipo ndi bwino kudziwa lero. Mabowo a m'silabu ndi m'mabimu aikidwe konkire isanathiridwe, ndi masilivu, timapaipi tosungira bowolo, injiniya atavomereza. Bimu yachitsulo kapena yathabwa sibowoledwa mwachisawawa. Nthawi zambiri yankho labwino n'kutsitsa siling'i ya m'kolido yokha, mapaipi onse n'kuyenda m'menemo n'kumalowa m'zipinda cham'mbali, m'zipindamo siling'i n'kukhalabe yaitali. Ngati nyumba ndi yosanja, pafunika kamzere koimirira kokwezera mapaipi, kabati ya m'khoma imabisa bwino.

Makona akhale ochepa ndi ofatsa, awiri a madigiri 45 amaposa imodzi yakuthwa ya 90. Pa mapaipi awiri ochoka pa makina kupita m'nyumba, wolowetsa ndi wotulutsa, muike sayilensa iliyonse yake pafupi ndi makina. Cholinga ndi chakuti m'chipinda chogona phokoso lisapitirire cha m'ma 25 dB(A), chifukwa makina omveka usiku amazimitsidwa, ndipo akazimitsidwa m'nyumba yotsekedwa bwino mavuto a chinyezi amabwera msanga kuposa m'nyumba yakale yodontha.

Ndiye pali mapaipi awiri opita panja. Onse awiri ndi ozizira nyengo yozizira, inde ngakhale wotaya mpweya uja, chifukwa kutentha kwake wasiya kale m'kabokosi. Paipi yozizira yodutsa m'chipinda chofunda imachita thukuta ngati botolo lochokera mu firiji, madontho n'kumagwera pa siling'i mpaka banga. Choncho akhale aafupi momwe zingathekere, ndipo akutidwe ndi insulation yosalowa nthunzi, yomatidwa majoini onse, kuyambira pa makina penipeni mpaka kulowa m'khoma, osasiya olo kampata ka chala. Ena amagula mapaipi a thovu lolimba omwe ndi paipi ndi insulation nthawi imodzi, amachepetsa mpata wolakwitsa. Kumadera otentha a AC nkhani imatembenuka, mapaipi onyamula mpweya wozizira akadutsa pansi pa denga lotentha ndi amene amafuna kukutidwa.

Gawo lachisanu ndi chitatu: kunja kwa khoma

Polowera mpweya ndi potulukira patalikirane kuti makina asamayamwe zomwe angotaya kumene, malangizo a wopanga makina amanena mtunda wake, ndipo ASHRAE 62.2 imafuna polowera pakhale mamita 3 kuchoka pa zinthu monga chumuni kapena paipi yotulutsa utsi ndi fungo. Yendani kuzungulira pulani ya panja muone komwe kudzaimikidwe galimoto, komwe kudzakhale mabini, jenereta, paipi yopumira suweji, polowera pasakhale pamenepo. Pakhale pokwera kuchoka pansi, mbali ya mthunzi ngati kumatentha, ndipo paipi ipendekere pang'ono kunja kuti mvula yolowa ibwerere. Sefa ya pakhomopo ikhale yotchinga mbalame ndi makoswe, ya maso aang'ono kwambiri ija imatsekeka ndi fumbi pa miyezi yochepa, tizilombo tidzagwidwa ndi fyuluta.

Fyuluta yake, mbali yolowetsa tengani ya ePM1 50% kapena kuposa malinga ndi ISO 16890, yomwe kale inkatchedwa F7, mbali yotulutsa ya Coarse yokwanira, yakale G4, ntchito yake n'kungoteteza kabokosi.

Gawo lachisanu ndi chinayi: moto ndi mafuta

Apa ndi pa chitetezo, musadumphe. Hudi ya pa chitofu isalumikizidwe ku HRV, mafuta amamatirira m'mapaipi ndi m'kabokosi, ndipo ndi ngozi ya moto. Ikhale yakeyake, kaya yosefa n'kubwezera mpweya m'khitchini momwemo, kaya yotaya panja koma yokhala ndi njira yolowetsera mpweya wobwezera. Valavu ya HRV ya kukhitchini ikhale patali ndi chitofu. Makina oumitsira zovala nawonso asalowe m'mapaipi amenewa.

Ngati m'nyumba mudzakhala mbaula ya nkhuni, malo osonkhapo moto kapena giza ya gasi yotenga mpweya m'chipinda, uzani wokonza pulani pachiyambi pomwe. Nyumba yotseka bwino ikangokokedwa mpweya pang'ono kuposa wolowa, utsi umatha kubwerera m'chumuni, ndipo carbon monoxide (CO), mpweya wakupha wa mu utsi, sinunkha. Sankhani zipangizo zotseka zotenga mpweya wawo panja, muikenso alamu ya CO. M'mafulati ndi m'maofesi, paliponse pamene paipi yaboola khoma kapena silabu yotchinga moto pamafunika fire damper kapena kola yovomerezeka, zomwe zimatseka paipi moto ukabuka, yokhala ndi kachitseko koti munthu adzathe kuifikira poyendera. Galaja isalumikizidwe n'komwe.

Gawo lakhumi: nthawi yomanga

Mapaipi afike pa saiti ali otseka kumapeto ndipo azikhala otseka mpaka tsiku lomaliza, madzulo aliwonse kukamwa kulikonse kotseguka kuvekedwe kapu kapena pulasitiki ndi tepi. Fumbi la simenti ndi la mabodi likalowa limadzatuluka pang'onopang'ono m'zipinda zogona kwa miyezi. Makinawo asayatsidwe kuti aumitse pulasitala, ambiri amayesedwa kutero, koma ndi njira yachangu yophera mafyuluta ndi kudetsa kabokosi nyumba isanalowedwe. Mabodi asanakhomedwe yendani ndi foni mujambule paipi iliyonse, joini iliyonse, ndi tepi yoyezera ikuoneka pachithunzipo, tsiku lina wina adzafuna kukhoma msomali kapena kuika nyali pamenepo. Onaninso kuti palibe paipi yophwanyidwa ndi phazi kapena yofinyidwa ndi waya, ndiponso kuti pomwe mapaipi aboola mzere wofiira uja pamatidwa bwino.

Gawo lomaliza: kuyeza, kulinganiza, kupereka

Kuyatsa makina n'kuika dzanja pa valavu n'kumva kamphepo sikuyeza. Nyumba ikatha, itasesedwa, zitseko zonse zitapachikidwa, katswiri abwere ndi chipangizo choyezera mpweya chokhala ndi hudi yovundikira valavu, ayeze imodzi imodzi n'kumaikonza mpaka ifanane ndi nambala za pa pulani. Zimatenga nthawi chifukwa ukatseka pang'ono valavu imodzi zinzake zimasintha, amazungulira kangapo. Wolowa yense ndi wotuluka yense asasiyane kupitirira 10%. Mafani akonzedwe pa liwiro lotsikitsitsa lomwe likukwanitsa nambalazo, osati kuwathamangitsa kenako n'kumatsamwitsa mavalavu onse. Akamaliza mavalavu amangidwe kuti wopukuta asawapotoze, ndipo nambala zonse, za masiku onse ndi za boost, zilembedwe papepala lomwe kope yake imatidwe pa makina pomwepo. Thirani kapu ya madzi mu thireyi ya pansi muone ngati akutsikadi ku dreni, yesani bypass, yesani masuwichi onse. Ndalama yomaliza ya kontrakita idikire pepala limeneli.

Wodzakhala m'nyumbamo asonyezedwe ndi manja ake momwe amatsegulira chitseko cha makina n'kusolola fyuluta, auzidwe kuti makinawa sazimitsidwa olo akuchoka kwa sabata, amangotsitsidwa, ndiponso kuti mawindo ndi ololedwa kutsegula nthawi iliyonse akafuna. Mafyuluta aziwayang'ana pakatha miyezi itatu ndi kusintha pa miyezi 6 mpaka 12, m'malo afumbi msanga kuposa apo, ndipo oyamba aja amada mofulumira ndi fumbi lotsalira la zomanga ndiye siyani seti imodzi yapadera pambali pa makina pamodzi ndi nambala yake yogulira. Kabokosi kosinthira kutentha kasololedwe pakatha chaka kapena ziwiri, ka pulasitiki ka HRV kambiri kamatsukika ndi madzi ofunda, ka ERV muyambe mwawerenga buku la wopanga chifukwa ena ndi a pepala losafuna madzi, ndipo tsiku lomwelo tulukani panja mukachotse masamba ndi akangaude pa sefa ya polowera.